Kubanika Kutulo: Chakudya, Mowa ndi Fodya m'Mafamu a ku Mashonaland

Kubanika kutulo ndi matenda amene amachititsa munthu kusiya kupuma kwa kanthawi ali m'tulo, kenako n'kuyambiranso, ndipo zimenezi zimabwerezeka usiku wonse. Madokotala amati munthu wabanika ngati mpweya waleka kulowa kwa masekondi 10 kapena kuposerapo. Kwa anthu ambiri vuto limakhala pakhosi. Tulo tikabwera, minofu ya thupi lonse imamasuka, ya lilime ndi ya kukhosi yomwe. Mmero wa munthu m'chigawo chimenechi ulibe fupa. Uli ngati paipi yofewa yothirira nazale, imene imaphwatalala ikakokedwa mwamphamvu. Ngati njira ya mpweya inali yopapatiza kale, tsinde la lilime limagwera kumbuyo, makoma a mmero amakumana, njira n'kutsekeka. Chifuwa chimapitiriza kukoka koma palibe cholowa. Mpweya wa okosijeni ukachepa m'magazi, ubongo umadzidzimutsa thupi, minofu imakungika, njira n'kutsegukanso. Kudzidzimukako sikukhalitsa, moti kukacha mwiniwake sakumbukira kanthu. Ulipo mtundu wina wosowa, umene ubongo weniweniwo umaleka kulamula thupi kuti lipume, ndipo umapezeka kwambiri mwa odwala mtima, koma umene wafala ndi wa kutsekeka kwa pakhosiwu.

Amene amayamba kudziwa za matendawa ndi wogona naye. M'nyumba za m'makomboni a m'mafamu, za chipinda chimodzi kapena ziwiri, ngakhale ana amawamva. Mkonono umayamba pang'onopang'ono, n'kumakwera mpaka kumveka kukhomo la anansi, kenako zii. Chifuwa cha bamboyo chikukwera ndi kutsika, koma mphuno ndi pakamwa palibe mpweya. Mayi amadikira, mwina kumugwedeza paphewa, ndiye iye n'kukoka mpweya mwamphamvu, kubuula, kutembenuka, mkonono n'kuyambanso. Kukacha amadandaula mutu ndi kuuma kukamwa, pomwe usiku wadzuka kangapo kukataya madzi. Masana amasinza paliponse pamene wakhala pansi: m'tchalitchi, pamaliro, patebulo losankhira fodya. Anzake amangoti ndi ulesi kapena ukalamba.

Kukula kwa matendawa kumayezedwa powerenga kuti pa ola limodzi la tulo munthu wasiya kupuma, kapena wapuma moperewera, kangati. Kuyambira ka 5 mpaka ka 14 ndi ochepa, ka 15 mpaka ka 29 ndi apakati, ndipo ka 30 kupita m'mwamba ndi aakulu. Munthu wa matenda aakulu amene wagona maola 7 ndiye kuti wadzidzimuka koposa ka 200 osadziwa. Kudzidzimuka kulikonse kumathamangitsa mtima ndi kukweza BP, ndipo zikachitika zaka ndi zaka BP imasiya kutsika ngakhale masana. N'chifukwa chake matendawa amapezeka kwambiri mwa anthu amene BP yawo sikumva mankhwala ngakhale akumwa mitundu itatu. Amayenderananso ndi sitiroko, matenda a mtima, matenda a shuga ndi kuchepa mphamvu m'banja. Kafukufuku amene anafalitsidwa m'magazini ya The Lancet Respiratory Medicine mu 2019 anayerekezera kuti anthu 936 miliyoni a zaka 30 mpaka 69 padziko lonse ali ndi vutoli, ndipo mwa iwo 425 miliyoni ali ndi lapakati kapena lalikulu. Ambiri sanayezedwepo.

Ku Mashonaland, chigawo cha mafamu a fodya, chimanga, soya ndi malalanje kumpoto kwa Zimbabwe, kuli anthu ambiri olankhula Chichewa. Makolo awo anachoka ku Nyasaland, ku Northern Rhodesia ndi ku Tete, ena wapansi, ena pa malole a Ulere, ena kudzera kwa Mthandizi, bungwe lolemba antchito limene boma la Southern Rhodesia linakhazikitsa mu 1946. M'zaka za m'ma 1950 antchito a m'mafamu oposa theka anali ochokera kunja kwa dzikolo. Ambiri anatchona, ndipo zidzukulu zawo zili m'makomboni a ku Banket, Trelawney, Karoi, Mvurwi, Centenary, Mazowe ndi Marondera, kumene gule wamkulu amavinidwabe. Moyo wa makolowo unali wa khasu ndi phoso: ufa, nyemba, mchere, ndi nyama mwa apo ndi apo. Wonenepa pafamu anali wosowa, ndipo akapezeka anali kapitawo kapena kalaliki.

Zinthu zasintha, makamaka kuyambira mu 2000 pamene boma linayamba kugawa mafamu a azungu. Ena anatsala m'makomboni momwemo n'kumadalira ganyu, ena anapita kokumba golide ku Shamva ndi ku Mazowe, ena anapeza ntchito za ulonda, za udalaivala wa thirakitala, minibasi kapena thiraki, ena anayamba geni m'matauni. Njala sinathe m'mabanja ambiri, koma pambali pake pamera vuto lina. Chakudya chotchipa ndi chokhutitsa msanga ndi buledi, tiyi wa shuga wambiri, ufa woyera wa m'sitolo, mandasi, tchipisi ndi zakumwa zotsekemera. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse la Zimbabwe wa mu 2015 anapeza kuti amayi 35 mwa 100 alionse a zaka 15 mpaka 49 anali onenepa kupyola muyezo, pomwe mwa abambo anali pafupifupi 12 mwa 100 alionse. M'khomo limodzi muthanso kupezeka mwana wopinimbira ndi mayi wonenepa kwambiri, onse akudya mbale imodzi.

Chithandizo chodalirika cha kubanika kutulo ndi makina otchedwa CPAP, amene dokotala wa ku Sydney m'dziko la Australia, Colin Sullivan, anawafotokoza koyamba mu 1981. Wodwala amavala kachigoba pamphuno, makina n'kumapemerera mpweya pang'onopang'ono kuti mmero usatsekeke. Amagwira ntchito kuyambira usiku woyamba. Koma amagulidwa ndi madola mazanamazana, amafuna kuti munthu ayambe wayezedwa tulo ndi zida zimene zimapezeka makamaka m'mizinda ikuluikulu, ndipo amafuna magetsi usiku wonse. Makomboni ambiri alibe magetsi, ndipo kumene alipo amathimathima. Mu 2019 ndi kumapeto kwa 2022, madzi opangira magetsi atachepa ku Kariba, madera ambiri ankakhala maola mpaka 18 patsiku mumdima. Choncho kwa munthu wa pafamu, zimene mabuku a kunja amazilemba ngati zongowonjezera pa makina, monga kudya, kumwa, kusuta ndi kagonedwe, ndizo chithandizo chimene angachikwanitse.

Mwa zonsezi chachikulu ndi kulemera kwa thupi, ndipo umboni wake ndi wolimba. Ku Wisconsin m'dziko la America ofufuza anatsatira anthu 690 kwa zaka zinayi, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2000. Anapeza kuti thupi likawonjezera kulemera ndi 10 peresenti, kubanika kumawonjezeka ndi pafupifupi 32 peresenti, ndipo likachepa ndi 10 peresenti, kubanika kumachepa ndi pafupifupi 26 peresenti. Kwa munthu wa makilogalamu 90, apa tikunena za makilogalamu 9. Kafukufuku wina wa ku America komweko, wotchedwa Sleep AHEAD, wa mu 2009, anali wa anthu 264 onenepa amene analinso ndi matenda a shuga. Amene anathandizidwa kusintha kadyedwe ndi kuchita masewera anatsika ndi makilogalamu pafupifupi 11 m'chaka chimodzi, ndipo ochiriratu mwa iwo anali ochuluka kuwirikiza katatu poyerekeza ndi amene sanathandizidwe motero. Patapita zaka zinayi ambiri anali atabwereranso pafupifupi theka la kulemera kumene anataya, komabe kupuma kwawo kunali kwabwino kuposa poyamba. Ku Granada m'dziko la Spain, mu kafukufuku wa abambo 89 amene anafalitsidwa mu 2022, gulu lina linaphunzitsidwa kwa milungu 8 za kadyedwe, kuyenda, kagonedwe ndi kusiya mowa ndi fodya, zonse nthawi imodzi. Kubanika kwawo kunachepa ndi theka, ndipo patatha miyezi 6 oposa theka la iwo sankafunanso makina.

Mafuta amawononga kupuma m'njira ziwiri. A pakhosi amafinya mmero kuchokera kunja, n'chifukwa chake khosi loposa masentimita 40 kuzungulira ndi chizindikiro chimodzi chimene achipatala amayang'ana. A pamimba amakankha mapapo m'mwamba munthu akagona, mapapo n'kuchepa, mmero n'kufewa. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti lilime nalo limanenepa. Ofufuza a pa yunivesite ya Pennsylvania anajambula m'kamwa mwa odwala ndi makina a MRI, asanaonde ndi ataonda, ndipo mu 2020 anafotokoza kuti kuchepa kwa mafuta a lilime ndiko kunathandiza kwambiri kuti kupuma kuwongoke.

Palibe chakudya chinachake chimene chimachiza kubanika kutulo, ndipo wogulitsa tiyi kapena ufa wina ponena kuti umachotsa mkonono akungofuna ndalama. Chimene chimathandiza ndi kuchepetsa zimene zimanenepetsa popanda kuvutika ndi njala. Poyambira posavuta ndi shuga, chifukwa amalowa m'thupi munthu osakhuta. Kasupuni kamodzi ndi magalamu pafupifupi 4. Bungwe la World Health Organization limati shuga wothira asapyole magalamu pafupifupi 50 patsiku kwa munthu wamkulu, amene ndi timasupuni 12, ndipo kuchepera apo ndi bwino koposa. Chitini chimodzi cha chakumwa chotsekemera cha mamililita 330 chimakhala ndi timasupuni pafupifupi 9. Mlonda amene amamwa makapu anayi a tiyi usiku, iliyonse ya timasupuni 4, wapyola kale muyezo asanakhudze buledi. Boma la Zimbabwe linayamba kudula msonkho pa shuga wa m'zakumwa mu 2024, koma msonkhowo sufika m'kapu ya tiyi ya pakhomo.

Nsima siyofunika kuisiya, ndipo malangizo amene amayamba ndi kuletsa nsima amathera pachipatala pomwepo. Nkhani ili pa kuchuluka kwake, mtundu wa ufa ndi nthawi yodyera. Mitanda itatu imene inali yoyenera munthu wopalira kuyambira m'bandakucha ndi yochuluka kwa munthu yemweyo akakhala pachiwongolero tsiku lonse. Mgaiwa, mapira ndi mawere zimakhalitsa m'mimba kuposa ufa woyera, ndiye njala simabwera msanga. Ndiwo zikhale zambiri kuposa mmene zimakhalira: nkhwani, bonongwe, chisoso, luni, khwanya, therere, mfutso, nyemba, khobwe, nzama, ndi matemba a ku Kariba akapezeka. Zambiri mwa izi zimamera zokha m'mphepete mwa minda nthawi ya dzinja, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti ena amazinyoza ngati ndiwo za amphawi kwinaku akuthira mafuta ophikira mpaka ndiwo kuyandama. Kudya kwambiri n'kugona pomwepo nakonso sikuthandiza, makamaka kwa amene amavutika ndi chilungulira, chifukwa asidi wa m'mimba akakwera amapweteka kukhosi. Ndi bwino kuti pakati pa mgonero ndi kugona padutse maola awiri kapena atatu.

Chovuta kwambiri pa kuonda si nsima koma maso a anthu. M'makomboni amene anaika maliro ambiri a Edzi m'zaka za m'ma 1990, munthu akayamba kuchepa thupi amanong'onedwa, ndipo thupi lalikulu limaonedwa ngati umboni wa thanzi ndi wa banja losungana bwino. Mayi amene mwamuna wake waonda amafunsidwa ndi apongozi ngati akumuphikira. Kuonda kofuna, kwa pang'onopang'ono, kwa theka la kilogalamu pamlungu, munthu akudya bwino ndi kugwira ntchito mwamphamvu, n'kosiyana ndi kuonda kwa matenda kumene kumabwera ndi chifuwa, malungo ndi thukuta la usiku. Kwachiwiriku n'kofunika kuthamangira kuchipatala. Palinso nkhani ya ma ARV. Kuyambira mu 2019 mayiko a kuno anayamba kusamutsira anthu ku mankhwala okhala ndi dolutegravir, amene amagonjetsa kachilombo bwino kwambiri, koma kafukufuku wa ku Johannesburg wa chaka chomwecho anasonyeza kuti ena amanenepa nawo, makamaka amayi. Amene waona thupi likukula ndi mkonono ukukwera asasiye mankhwala. Akauze achipatala kumene amalandirira, ndipo asamale kadyedwe.

Mowa ndi umene zotsatira zake zimaoneka usiku womwewo. Umafooketsa minofu ya lilime ndi kukhosi kuposa mmene tulo tokha tikanachitira, umatupitsa m'mphuno, ndiponso umagonetsa ubongo moti umachedwa kudzidzimutsa thupi. Choncho kubanika kumachuluka, kulikonse kumatalika, ndipo okosijeni amatsika kwambiri. Munthu amene masiku ena amangoliza mkonono chabe amatha kubanika akamwa. Akazi a m'makomboni amadziwa zimenezi popanda buku: usiku wa malipiro ndi wa Loweruka ndi umene m'nyumba simugoneka. Kachasu ndi woopsa kwambiri chifukwa mphamvu yake siidziwika, ndipo mowa wa masese, ngakhale ena amauyesa chakudya, umawonjezera mimba. Amene sangathe kusiyiratu aleke kumwa maola atatu kapena anayi asanagone. Mapiritsi ogonetsa monga diazepam amachita zofanana ndi mowa, ndipo mankhwala a chifuwa okhala ndi codeine, amene achinyamata ena ku Zimbabwe amamwa kuti aledzere, amafooketsa mbali ya ubongo yoyendetsa kupuma. Kuphatikiza zimenezi ndi mowa kwa munthu wobanika kutulo kungathe kumupha.

Fodya ndi wosasowa m'dera limene amalimidwa. Zotsalira za posankha zimapichiridwa m'pepala n'kusutidwa popanda kugula. Utsi umatupitsa khungu la m'mphuno ndi kukhosi, njira ya mpweya n'kuchepa. Ku Wisconsin komweko, mu 1994, anapeza kuti osuta amabanika kutulo kwambiri kuposa osasuta, koma amene anasiya sankasiyana kwenikweni ndi amene sanasutepo. Vuto n'lakuti wosiya fodya kawirikawiri amayamba kudya kwambiri, ndiye kusiya fodya ndi kusamala mbale ziyendere limodzi. Utsi wa nkhuni nawo umatseka mphuno, makamaka mu June ndi July pamene kumazizira ndipo anthu amasonkha moto m'nyumba yogonamo. Mbaula ya makala m'chipinda chotseka ili ndi ngozi yakeyake ya mpweya wakupha, ndipo siyenera kuyesedwa n'komwe.

Nyengo yofutsa fodya m'mabalani, kuyambira cha mu December mpaka April, ili ndi vuto lapadera. Balani imodzi imatenga pafupifupi mlungu, ndipo kutentha kumakwezedwa pang'onopang'ono kuchoka pa madigiri 35 mpaka cha m'ma 70. Moto ukazirala tsamba limaonongeka, ukapsa kwambiri balani ikhoza kuyaka. Wosonkhezera amagona pathumba pafupi ndi ng'anjo, akudzuka pafupipafupi kukaponya chikuni ndi kuona choyezera kutentha, ndipo kuti asasinze amadalira tiyi wa shuga, ndudu, mwinanso kabotolo. Kwa munthu amene tulo take n'toduka kale, milungu imeneyi imamusiya ali mbuu. Kuchepa kwa tulo kumawonjezeranso njala ndi chilakolako cha zotsekemera, ndiye kunenepa ndi kubanika zimakokana. Kumene antchito amasinthana usiku, ndipo wogwira usiku amapatsidwa mpata wogona masana pamalo a mdima, vutoli limachepa.

Kuyenda ndi kugwiritsa ntchito thupi kumachepetsa kubanika ngakhale sikelo isanasunthe. Wopalira ndi wothyola fodya safunika kuuzidwa za masewera. Ofunika ndi dalaivala, mlonda, wa pageni ndi wosankha fodya, amene amatandala atakhala. Muyezo wodziwika ndi mphindi 150 pamlungu za kuyenda mwandawala kapena kupalasa njinga. Ofufuza a ku Toronto, motsogozedwa ndi Douglas Bradley, anasonyeza chifukwa chimodzi chimene kukhala kumawonongera tulo: masana madzi amadikha m'miyendo, ndipo munthu akagona amasefukira kukhosi n'kufinya mmero. Kuimirira ndi kuyendayenda masana kumachepetsa zimenezi, monganso kuchepetsa mchere, umene suyenera kupyola magalamu 5 patsiku, kapena kuti kasupuni kamodzi.

Kagonedwe n'kosavuta kusintha. Pafupifupi theka la odwala amabanika kwambiri akagona chagada, chifukwa lilime limagwera kumbuyo. Kugona chammbali kumathandiza, ndipo njira yakale ndi kusokerera kampira kapena chitsononkho kumsana kwa malaya ogonera, kuti munthu akatembenukira chagada amve kuwawa n'kubwerera. Kukweza kumutu kwa bedi ndi njerwa, kapena kuika chinthu pansi pa matiresi kuti chifuwa ndi mutu zikwere limodzi, n'kwabwino kuposa kusanjikiza mapilo amene amangopinda khosi.

Zonsezi zili ndi malire. Pali anthu oonda amene amabanika chifukwa chibwano chawo n'chaching'ono kapena chobwerera m'mbuyo, lilime n'lalikulu mwachibadwa, kapena mphuno n'zotsekeka, ndipo kwa iwo kuchepetsa nsima sikusintha kanthu. Amayi amayamba kuvutika kwambiri akasiya kusamba, ndipo ambiri amadandaula kutopa ndi kusowa tulo osati mkonono. Mwa ana chifukwa chachikulu ndi matonsi ndi tinyama ta kuseri kwa mphuno tikakula. Mwana wotere amagona kukamwa kuli yasa, amakodza pogona, sakula bwino, ndipo chithandizo chake kawirikawiri ndi opaleshoni, osati kumumana chakudya. Mankhwala oondetsa a tirzepatide anavomerezedwa ku America mu December 2024 kwa anthu onenepa a matenda apakati ndi aakulu, koma mtengo wake ndi wosafikirika kwa wantchito wa pafamu.

Munthu amene wogona naye wamuona akusiya kupuma, amene amasinza akuyendetsa thirakitala kapena thiraki pamsewu wa ku Chirundu kapena wa ku Nyamapanda, kapena amene BP yake sikutsika, asadikire kuti aonde kaye. Madalaivala a matendawa amene sali pachithandizo amachita ngozi kuwirikiza kawiri kapena kuposerapo poyerekeza ndi anzawo. Poyambira ndi pakiliniki yapafupi, pamene angayezedwe BP, shuga, sikelo ndi khosi, n'kutumizidwa ku chipatala cha chigawo ku Chinhoyi, Bindura kapena Marondera, ndipo kuchoka apo ku Harare ngati pafunika kuyeza tulo. Ndi bwino kupita ndi wogona naye, kapena kujambula mkononowo pafoni, chifukwa wodwala mwini sadziwa zimene zimachitika usiku. Amene ali kale pa makina a CPAP ndipo waonda asawasiye payekha ngakhale mkonono utachepa. Ayezedwenso, chifukwa kubanika kumatha kupitirira mkonono utazirala, ndipo kumabwereranso thupi likayambanso kukula.